Tifunseni za Masewero: Mnyamata Wayamba ndi Zolakwa ku Koleji, Kodi Luso Lake Lathera Pomwepo?

FUNSO

Akonzi,

Ndine Mmalawi amene ndakhala m'chigawo cha Indiana ku America kwa zaka zambiri, ndipo ndikulera mwana wa mlongo wanga yemwe anabwera kuno ali wamng'ono. Mnyamatayu anakonda mpira wa kuno, uja amasewera ndi manja atavala zipewa zolimba, ndipo ku sekondale anali wodziwika pa malo a quarterback. Chaka chino walowa koleji ali ndi zaka 19. Mnzake wamkulu amene amasewera pa malowa atavulala, aphunzitsi analowetsa iyeyo, koma m'masewero atatu waponyera adani mpira kasanu, ndipo kamodzi mpira unamupulumuka m'manja atagundidwa. Tsopano amubwezera pa benchi, anthu akumunyoza pa intaneti, ndipo akabwera kunyumba sakudya bwino. Ena akundiuza kuti asamukire ku koleji ina, pamene ena akuti mmera mpoyamba, aleke mpira alimbikire sukulu. Mayi ake kumudzi amandifunsa za iye sabata iliyonse. Kodi munthu angadziwe bwanji ngati mwana woyamba chonchi ali ndi tsogolo pa masewerowa?

Malume wodandaula, Indiana

YANKHO

Amalume, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu, ndipo pepani ndi nkhawa yomwe mwasenza. Ndisanakuyankheni, mundilole ndifotokozere owerenga a kuno kwathu, amene anazolowera mpira wa miyendo, ntchito imene mwana wanu akugwira. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo, ndipo timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi khumi kulowera kwa adani. Quarterback ndiye amalandira mpira pafupifupi pa mpata uliwonse. Iye amauza anzake njira imene aphunzitsi asankha, amayang'ana mmene adani aimira, kenako amayenera kuponya mpirawo pasanathe masekondi atatu kapena kuposerapo pang'ono, amuna ojintcha asanamugwetsere pansi. Mpira akauponya n'kuwakhidwa ndi mdani amati interception, ndipo akaufikitsa kwa mnzake kumapeto kwa bwalo amati touchdown. M'makoleji akuluakulu zonsezi zimachitika pamaso pa khwimbi la anthu, moti bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu oposa 100,000, kuposa kawiri amene angalowe mu Bingu National Stadium ku Lilongwe. Mwana wa zaka 19 akalakwitsa pamalo otere, palibe pobisala.

Yankho langa ndi lakuti chiwerengero cha kasanu chimene mwatchulacho, pachokha, sichingakuuzeni zambiri za tsogolo la mnyamatayu. Chimene chingakuuzeni ndi mtundu wa zolakwazo, ndiponso ngati cholakwa cha Loweruka lapitalo chikubwereranso Loweruka lotsatira. Choncho ntchito yanu yoyamba ndi kupeza kanema wa masewero atatuwo, mukhale pansi ndi mwanayo tsiku limene mtima wake uli m'malo, n'kuonera mpira uliwonse umene unalandidwa, osati kamodzi koma katatu.

Ulendo woyamba yang'anani mutu wake wokha. Anyamata ambiri amene ankachita bwino ku sekondale amabwera ndi chizolowezi chimodzi: mpira ukangofika m'manja, maso amakakamira pa mnzawo amene akufuna kumuponyera, n'kumamutsatira mpaka mpira utachoka. Ku sekondale zimenezi sizinkawapweteka, chifukwa mkono wawo unali wamphamvu kuposa liwiro la ana anzawo. Ku koleji, kumbuyo kwenikweni kwa adani kumaima wotchinga wa zaka 22, amene watha sabata yonse akuonera kanema wa mwana wanuyo. Iye sayang'ana mpira, amayang'ana kumene chipewa cha quarterback chaloza. Amasiya dala mpata kuti uoneke ngati wotseguka, amadikira mkono ukwere, ndipo mpira usanafike n'komwe iye amakhala atadutsa kale kutsogolo kwa wowakha. Ngati mipira iwiri kapena itatu mwa isanuyo inatayika motere, musataye mtima, pakuti limeneli ndi vuto la munthu amene sanazolowere liwiro la gulu latsopano, ndipo aphunzitsi amalichotsa pomuphunzitsa kunamiza wotchingayo ndi maso, kuyang'ana kumanzere pamene mpira ukupita kumanja.

Ulendo wachiwiri yang'anani mapazi ake. Kodi poponya anali ataponda bwino, phazi lakutsogolo litaloza kumene mpira ukupita, kapena ankaponya akubwerera chambuyo ngati munthu wothawa moto? Ngati ankabwerera chambuyo chifukwa mdani anali atamufika kale pachifuwa, mlandu wina ndi wa anyamata asanu aja amene ntchito yawo ndi kumutchinjiriza. Koma ngati mapazi akuvinavina pamene palibe amene wamuyandikira, ndiye kuti mantha alowa m'thupi, ndipo ichi ndi chizindikiro chofunika kuchisamala. Ulendo wachitatu yang'anani amene amaponyeredwa mpirawo, chifukwa nthawi zina mpira umagunda m'manja mwa mnzake n'kudumphira kwa mdani, kapena mnzakeyo amakhotera kunja pamene njira inali yoti akhotere mkati. M'mabuku a masewero mipira yonseyi imalembedwa pa dzina la quarterback, ngakhale kuti aphunzitsi akamaonera kanema Lamlungu amadziwa bwino amene analakwa.

Pali zolakwa zina zimene ineyo zimandidetsa nkhawa kuposa interception. Mnyamata amene sadziwa njira za timu yake, amene amaimitsa anzake pamalo olakwika kapena kulola masekondi 40 oyambitsira mpira kutha iye akadasokonezeka, amaonetsa kuti sakuwerenga, ndipo limeneli ndi vuto la khalidwe. Chimodzimodzinso amene amaphonya mnzake woima yekha mayadi asanu kapena khumi patsogolo pake, palibe womusokoneza, chifukwa kulunjika kwa mkono ndi chinthu chimene aphunzitsi ambiri amavutika kuchikonza. Alipo amene anachikonza, monga Josh Allen, yemwe ku yunivesite ya Wyoming ankafikitsa mipira pafupifupi 56 yokha pa 100 iliyonse, koma pofika mu 2020 ali ku Buffalo Bills, timu ya mu NFL, ligi yaikulu ya akatswiri a masewerowa ku America, anali akufikitsa 69 pa 100 iliyonse. Komabe anthu amamutchula kawirikawiri chifukwa chakuti otere ndi ochepa, ndipo sindingakulangizeni kumanga chiyembekezo chanu pa iye. Za mpira umene unapulumuka m'manja uja musade nazo nkhawa kwambiri, popeza kugwira mpira ndi manja awiri pamene adani akuyandikira ndi chizolowezi chimene chimaphunzitsika m'masabata ochepa.

Mukatha kuona zolakwazo, musazime kanemayo. Onerani mpata wotsatira, chifukwa m'kuona kwanga pamenepo ndi pamene mtima wa wosewera umaonekera poyera. Pa 8 Januwale 2018, mu mzinda wa Atlanta, timu ya Alabama inapita kokapuma ikugonja 13 kwa 0 kwa Georgia m'masewero olimbirana ukatswiri wa makoleji a dziko lonse. Mphunzitsi Nick Saban analowetsa Tua Tagovailoa, mnyamata wa chaka choyamba ngati wanuyo. M'chigawo chachiwiricho Tagovailoa anaponyera adani mpira kamodzi, ndipo m'nthawi yowonjezera anachita cholakwa chimene mphunzitsi aliyense amaletsa: m'malo motaya mpira kunja, anathawira chambuyo nawo mpaka anagwetsedwa atataya mayadi 16. Timu yake inatsala ndi mayadi 26 oti isunthe, chikho chili pafupi kupita. Pa mpata wotsatira womwewo anagwira wotchinga wa kumbuyo ndi maso, kenako anatembenukira kumanzere n'kuponya mpira wa mayadi 41 kwa DeVonta Smith, mnyamata winanso wa chaka choyamba, ndipo Alabama inapambana 26 kwa 23. Cholakwa chachibwana ndi luso lapamwamba zinatuluka mwa munthu mmodzi pasanathe mphindi imodzi. Mwana wanu mwina sanaponye mpira wopambanitsa timu, koma onani ngati atalakwitsa anabwerera m'bwalo n'kuponya molimba mtima mpira umene unkafunika, kapena anayamba kumangoponya timipira tapafupi toti asadzudzulidwe. Onaninso ngati pa benchi anakhala pafupi ndi mphunzitsi kuona zithunzi za cholakwacho, kapena anakakhala yekha kumapeto atafunda thawulo kumutu.

Nkhani imene ikufanana kwambiri ndi ya mwana wanu ndi ya Bo Nix. Iye anayamba kusewerera yunivesite ya Auburn ali m'chaka choyamba mu 2019, ndipo m'masewero ake oyamba, olimbana ndi Oregon, anafikitsa mipira 13 yokha mwa 31 n'kupatsa adani iwiri, ngakhale kuti anaponya touchdown yopambanitsa kutatsala masekondi 9. Kwa zaka zitatu ku Auburn masewero ake anali okwera ndi kutsika, amene ankaphunzitsa njira zomenyera nkhondo kutsogolo ankasinthidwa chaka ndi chaka, ndipo ochemerera ambiri anamutaya. Atasamukira ku Oregon mu 2022, masewero ake oyamba anagonja 49 kwa 3 kwa Georgia, ataperekanso mipira iwiri kwa adani. Koma mu 2023 mnyamata yemweyo anafikitsa mipira 77 pa 100 iliyonse, anaponya ma touchdown 45 n'kutaya mipira itatu yokha chaka chonse, ndipo mu 2024 timu ya NFL ya Denver Broncos inamusankha pa nambala 12 pa chisankho cha pachaka cha osewera ochokera m'makoleji. Mkono unali womwewo kuyambira pachiyambi. Chimene chinasintha n'chakuti anasiya kuthamangathamanga kufuna kupulumutsa mpata uliwonse payekha, anayamba kutulutsa mpira msanga, ndipo anapeza aphunzitsi amene njira zawo zinkagwirizana naye. Joe Burrow nayenso anakhala zaka zitatu ku Ohio State osapatsidwa malo oyamba, ndipo chaka chake choyamba ku yunivesite ya LSU mu 2018 anaponya ma touchdown 16 okha, asanaponye 60 mu 2019 n'kutenga mphoto ya Heisman, imene amapatsa wosewera wopambana onse m'makoleji, pamodzi ndi ukatswiri wa dziko lonse. Inu a ku Indiana simufunika kukumbutsidwa kuti quarterback wotchuka wa mu NFL Peyton Manning anapereka mipira 28 kwa adani m'chaka chake choyamba ku Indianapolis Colts mu 1998, timu n'kupambana masewero atatu okha mwa 16, ndipo chaka chotsatira inapambana 13.

Ndikanakhala wosaona mtima ndikanangolekera pamenepa, chifukwa mayina amene ndatchulawa timawakumbukira poti zinawayendera, pamene anyamata ochuluka amene anayamba molakwitsa n'kupitiriza kulakwitsa palibe amene amawasimba. Komanso chiyambi chabwino sichilonjeza kanthu. Christian Hackenberg anayamba mochititsa kaso ku Penn State mu 2013, ndi ma touchdown 20 m'chaka choyamba, anthu n'kumati katswiri wapezeka. Mphunzitsi wake Bill O'Brien atachoka kupita ku Houston Texans, chaka chotsatira mnyamatayo anagwetsedwa koposa maulendo 40 chifukwa omutchinjiriza anali ofooka, ndipo anapereka mipira 15 kwa adani. Timu ya New York Jets inamusankha mu 2016, koma sanasewereko ngakhale mpata umodzi m'masewero a ligi ya NFL. Phunziro limene ndimatengapo pa iye ndi lakuti kugundidwa kosalekeza kumawononga wosewera wamng'ono kuposa mmene benchi ingamuwonongere, pakuti mapazi amene aphunzira mantha amavuta kuwabweza.

N'chifukwa chake sindikuona benchi imene mwana wanu wakhalapo ngati chilango. Lamulo limene bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji la NCAA linakhazikitsa mu 2018 m'makoleji a gulu lapamwamba la Division I linalola wosewera kulowa m'masewero osaposa anayi popanda kutaya chimodzi mwa zaka zake zinayi zosewera, ndipo chaka chosungidwacho amachitcha redshirt. Mwanena kuti wasewera atatu. N'kutheka ndithu kuti aphunzitsi amutulutsa pofuna kusunga chaka chimenecho, ndipo mphunzitsi sasungira chaka munthu amene wamutaya. Mnyamatayo apite yekha kwa mphunzitsi wa ma quarterback akafunse mwaulemu ngati cholinga chake n'chimenechi, ndiponso zinthu ziwiri zimene akufuna kuona zitasintha. Ndikupemphani, amalume, kuti musayimbe foniyo ndinu. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba ndipo amalankhulira mwana pa nkhani zazikulu, koma m'timu ya koleji mnyamata amene amatumiza akuluakulu kukamudandaulira amataya ulemu pamaso pa anzake amene akuyenera kudzawatsogolera. Yankho la mphunzitsi lidzakuuzani zambiri: akatchula zinthu zenizeni monga maso, mapazi kapena kuchedwa kutulutsa mpira, ndiye kuti akumuganizirabe, koma akangoti apitirize kulimbikira popanda kutchula kanthu, ndipo pa zokonzekera mwanayo sakupatsidwanso mipata ndi timu yoyamba kapena yachiwiri, pamenepo mungayambe kuganiza zina.

Za kusamuka, ndikudziwa kuti masiku ano n'kosavuta, chiyambire pamene njira yolembetsera ofuna kusintha koleji, imene amaitcha transfer portal, inatsegulidwa mu 2018. Koma taonani nthawi imene anthu ndatchulawa anasamukira. Nix anapirira zaka zitatu. Burrow anachoka ku Ohio State atatenga kale digiri yake. Ndipo kumbukirani munthu amene anatulutsidwa kuti Tagovailoa alowe usiku uja ku Atlanta, Jalen Hurts, yemwe anachotsedwa dziko lonse likuonera ngakhale anali atagonja masewero awiri okha chiyambire. Iye sanathawe. Anakhala wachiwiri kwa Tagovailoa chaka chonse cha 2018 akukonza kaponyedwe kake, ndipo mu Disembala chaka chomwecho, Tagovailoa atavulala, analowa n'kugonjetsa Georgia yomweyo 35 kwa 28 m'bwalo lomwelo. Anamaliza digiri yake, kenako anapita ku Oklahoma mu 2019, ndipo mu Febuluwale 2025 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa Super Bowl, masewero omaliza olimbirana ukatswiri wa NFL, pamene Philadelphia Eagles inagonjetsa Kansas City Chiefs 40 kwa 22. Mnyamata amene asamuka pano, ali ndi masewero atatu oipa okha oti aonetse, amapita kukagulitsa katundu wake pa mtengo wotsika, amayambiranso kuphunzira njira zatsopano, ndipo chizolowezi choyang'anitsitsa mnzake chija amapita nacho m'chikwama. Kusamuka kumathandiza pamene vuto lili pa malo, monga aphunzitsi amene anamuitana atachoka kapena njira za timu zikasemphana ndi luso lake, ndipo zimenezi simungazidziwe chaka chisanathe.

Amene akukuuzani kuti mmera mpoyamba sakunama, koma akuyang'ana mbewu yolakwika. Mlimi akamayendera munda wake mvula yoyamba itagwa saweruza ndi tsamba limodzi limene ladyedwa ndi mbozi, amaona ngati phesi laima ndiponso ngati likutulutsa tsamba lina. Mmera wa wosewera wa chaka choyamba ndi mmene amalandirira chidzudzulo, nthawi imene amathera poonera kanema popanda womutuma, ndi kusabwereza cholakwa chimene waonetsedwa kale. Pa mfundo ya sukulu, komabe, ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse, ngakhale sindikuona chifukwa choti asiyire mpira kuti aphunzire. Ligi ya NFL imasankha osewera ongopitirira 250 pa chaka, ndipo mawerengero a NCAA amaonetsa kuti osakwana awiri pa osewera 100 aliwonse a m'makoleji ndi amene amasankhidwa. Choncho pamene tikukamba za tsogolo la mwana wanu pa mpira, tikhale oona mtima kuti tsogolo loyembekezeka kwambiri ndi kudzakhala quarterback wodalirika wa koleji yake m'chaka chachitatu kapena chachinayi, n'kutuluka ndi digiri. Chimenecho si chinthu chochepa, ndipo chaka cha redshirt chimamupatsanso nthawi yowonjezera m'kalasi.

Mawu anu akuti sakudya bwino ndawasunga kumapeto dala, chifukwa andikhudza kuposa mipira isanu ija. Mufunseni ngati pa kugundidwa kuja anamva chizungulire, ngati mutu ukumuwawa, ngati kuwala kukumusowetsa mtendere kapena tulo tikumuvuta, popeza kuvulala kwa ubongo pa masewerowa kumabisala ndipo anyamata amakubisa poopa kutaya malo. Ngati chilipo chimodzi mwa izi, aonane ndi madokotala a timu mwamsanga. Ngati thupi lili bwino koma mtima ndi umene wasweka, makoleji ambiri ali ndi alangizi othandiza osewera pa nkhawa, ndipo kupita kwa iwo si manyazi. Muuzeni achotse kaye pa foni yake masamba amene anthu akumunyozerapo mpaka nyengo ya masewero itatha, chifukwa amene akulemba zimenezo sanaonepo kanema amene inu mukaonere. Akabwera kunyumba muphikireni nsima, mudye limodzi, ndipo tsiku limenelo nkhani ya mpira ayambitse yekha.

Kwa mayi ake kumudzi, auzeni zoona zake: mwana analowetsedwa msanga chifukwa mnzake anavulala, anakumana ndi amuna omuposa zaka zitatu, analakwitsa monga amalakwitsira ambiri a msinkhu wake, ndipo akadali pa sukulu ndi m'timu. Chigamulo chenicheni muchisunge mpaka zokonzekera za m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, pamene matimu a makoleji amayesanso osewera awo popanda chiphinjo cha mapointi. Mukapite kukaonera, mukhale pamalo okwera kumbuyo kwa bwalo kuti muziona chimene iye akuona, ndipo mukayang'ane ngati chipewa chija chayamba kutembenukira mbali ina mpira usanachoke m'manja. Mukadzaona zimene mwaona, tilembereninso.